Kachingwe ka M'khosi mwa Chrispin

"Yeseraninso, alamu," Triza anatero.

Binali anayeseranso. Laputopu ya malemu Chrispin inali pamiyendo pake, pakhonde pomwe anthu anametera dzulo lake. Anadina, n'kudikira, n'kupukusa mutu. Iyeyu ndiye ankalemba mapulogalamu a pakompyuta limodzi ndi Chrispin, ndiye ngati zamukanika iye, kunyanja kuno angazithe ndani?

Chimene Triza ankafuna, ena akanati n'chachibwana. Foni ya mwamuna wake inaphwanyika pa ngozi ya kabaza yomwe inamutenga. Koma mavidiyo onse amene Chrispin ankajambula, akuimbira mwana wawo Mwayi nyimbo zopanda mutu, anali pa intaneti. Mwana woti wangoyamba kuyenda adzakumbuka chiyani? Triza ankafuna kuti Mwayi adzamve mawu a bambo ake, basi. Tsono a Yesaya, malume a malemu, anali atagamula kale pogawa katundu kuti laputopuyo apita nayo ku Lilongwe masana omwewo, kwa mwana wawo wa ku koleji.

"Laputopu ndakutsegulirani ine. Nanga chavuta n'chiyani?" Triza anafunsa.

"Mapasiwedi ake onse, ngakhale yotsegulira mavidiyowo, ali m'kapulogalamu kamene anakalumikiza ku pulogalamu yomwe timalembera makodi," Binali anafotokoza. "Tinayesa timapulogalamu tiwiri. Kena kamangofuna liwu limodzi lachinsinsi, basi katseguka. Ine ndinatenga kameneko. Koma mwamuna wanuyu mukumudziwa, anati liwu munthu akhoza kukubera pongoyang'ana zala zako. Anasankha kofuna kiyi. Tinakangana mpaka tiyi kuzizira, wallahi."

"Kiyi wanji?"

"Kanthu kakuda, ngati kafulashi. Ankakavala m'khosi."

Kachingwe kaja! Triza anathamangira m'nyumba. Anakhuthula jumbo yomwe anabwera nayo kuchipatala, napisa m'matumba a thalauza la magazi lija, natembenuza matiresi. Palibe. Anatuluka thukuta lili kamukamu, n'kupeza a Yesaya atanyamula kale chikwama.

"Amake Mwayi, minibasi siyembekeza munthu," anatero. "Mavidiyo amadyedwa?"

Triza anagwada pafumbi. "Malume, chonde, tsiku limodzi lokha. Sindikupempha mbuzi, sindikupempha malata."

"Musavutike n'kufunafuna."

Amene anayankhula anali a Dailes, amayi ake a Chrispin. Chiikireni maliro anangokhala pamphasa atazolika.

"Ndinakachotsa ine kuchipatala, akulu a mpingo asanabwere kudzamusambitsa. Ndinkayesa chithumwa. Ndinati akakaona awa, mpingo ukana kuimba, mwana wanga apita kumanda chinunu ngati wakuba. Ndinakaponya pamoto wa pasiwa."

Triza anapita pomwe azibambo ankawothera moto, nayamba kufukula phulusa ndi manja, ngati nkhuku. Anthu anangoti kukamwa yasa. Anapeza misomali, zitsekerero za mabotolo, kenako kachibulumwa kakuda kosungunuka. Anakapititsa kwa Binali m'manja awiri, ngati kuti kakupumabe.

Binali anakatembenuza kamodzi, n'kukabweza.

"Palibe njira ina, alamu? Ngakhale ku Lilongwe?"

"Ngakhale amene anapanga kapulogalamuko sangatsegule. N'chifukwa chake anakakonda."

Apo mpamene Triza anakuwa. "Mwamuika kawiri, amayi! Kawiri! Simukanandifunsa ine? Si ine ndinkagona naye m'nyumba?"

A Dailes anadziphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Mtima wa Triza unali kuwawa, ndipo chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti analibe woti amude. Mayi amene anaopa kuti mwana wake aikidwa popanda nyimbo, ungamukwiyire mpaka pati? Ngakhale a Yesaya, anthu osachedwa kuyankha, anangokanda m'mutu n'kuyang'ana kumsewu.

Binali anatseka kabokosi kofunsa kiyi kamene kanali pagalasi kuti azimitse laputopu. Koma dzanja lake linaima.

"Alamu, taonani. Ili ndi tsamba lomwe limayamba kuoneka munthu akatsegula pulogalamu m'mawa. Silifuna kiyi. Langa limandionetsa ntchito zotsala. Iye anakana limenelo, anaika lina longoonetsa chithunzi chimodzi. Ndinkamuseka kuti lilibe phindu, koma sanandionetsepo chimene anaikapo."

Triza anasuzumira. Anali iyeyo ndi apongozi ake, ataima pathandala akuyanika usipa, onse awiri akuseka mano ali mbee, Mwayi ali kumbuyo kwa agogo ake. Sankadziwa n'komwe kuti tsiku limenelo anajambulidwa. Chrispin mwini wake munalibe. Koma pansi, pamchenga, panagona mthunzi wautali wa munthu wokweza foni m'mwamba, mutu wake utafika pamapazi awo.

A Yesaya anatsitsa chikwama pang'onopang'ono, nakhala pansi.

"Amayi," Triza anaitana. "Bwerani."

A Dailes anadzikoka mpaka pakhonde, nayang'ana osaphethira. Triza anatenga Mwayi, namukhazika pamiyendo ya agogo ake. Kenako anagwira kachala ka mwanayo ndi dzanja lake la phulusa, nakakhudzitsa pagalasi, pamthunzi paja.

"Adadi ako ndi awa," anatero.