Maola a Chigayo cha Ermelinda

Chigayo cha magetsi chinafika pakhomo pa Ermelinda ku Mongue anthu atangoyamba kukolola, koma chinatha milungu itatu chisanalire. Anthu ankangodutsa ndi matumba a chimanga panjinga, ulendo wa kuchigayo cha dizilo chakutali. Ermelinda ankawayang'ana mtima ukuwawa, chifukwa nyengo yokolola ikapita, makasitomala amapita nayo.

Magetsi a m'mudzimo amachokera ku masola a bungwe la alimi. Waya wake sungathe kunyamula makina akuluakulu onse nthawi imodzi, choncho wachigayo kapena wowotcherera zitsulo amagula maola ake. Woyang'anira masolawo anali Silvestre, ndipo Ermelinda akapita kukapempha maola, yankho lake linali limodzi: waya wadzaza.

Florentino, mwamuna wa Ermelinda, anati vuto ndi lakuti mkazi wakeyo anakapempha chimanjamanja. Florentinoyo anapita kwa Silvestre ndi tambala. Silvestre analandira, nati adikire. Anapitanso ndi lichero la nyemba. Silvestre anayamikira nyembazo, koma waya unali wodzazabe.

Tsiku lina akuchapa pamjigo, Ermelinda anadandaulira Hélia, mphunzitsi woyandikana naye nyumba. Hélia anapukuta manja pachitenje n'kumufunsa kuti anamuuza ndani kuti maolawo ndi a Silvestre. Anatulutsa foni n'kutsegula tsamba la bungwelo pa intaneti. Ola lililonse linkaoneka: logulidwa linali lofiira, lopanda mwini linali lobiriwira. Kuyambira teni koloko mpaka thu koloko masana, ponse panali pobiriwira. Hélia anafotokoza kuti membala aliyense angathe kuona tsambalo ndi kudzisankhira maola, popanda kugwadira munthu.

Ermelinda anasiya zovala m'beseni, nabwereka foniyo. Anamupeza Silvestre atakhala pamthunzi pafupi ndi masola.

"A Silvestre, mumati waya wadzaza. Wadzaza chiyani, mphepo?"

"Mayi, za pafonizi musamazikhulupirire. Zimanama."

"Ndiye nyamukani. Tipite kwa akomiti a bungwe mukawauze nokha kuti tsamba lawo limanama."

Silvestre sananyamuke. Anayamba kufufuta fumbi pansapato, kenako anavomera motsitsa mawu kuti maolawo ankasungira mlamu wake, amene chigayo chake chinali chisanagulidwe n'komwe. Ermelinda anatembenuka n'kumusiya pomwepo. Milungu itatu makina ali chete, chifukwa cha chigayo cha m'maloto.

Kwa akomiti anapitabe yekha. Iwo anamudzudzula Silvestre, nalamula kuti Lolemba lililonse ndandanda ya maola izimatidwa pamsika, kuti opanda foni nawonso aziwerenga. Madzulo ake Hélia anamuthandiza kulemba dzina ndi nambala ya mita patsambalo. Uthenga wotsimikiza unabwera nthawi yomweyo.

M'mawa mwake teni koloko itakwana, chigayo chinalira, ndipo njinga zinayamba kukhotera pakhomo pa Ermelinda. Florentino, ufa uli mbuu m'tsitsi, anapempha mkazi wake mwamanyazi kuti nayenso amuphunzitse kutsegula tsambalo.

Zimene bungwe laika poyera ndi za membala aliyense. Munthu akakuuzani kuti malo atha, musathamangire kumupatsa mphatso. Yambani mwaona nokha pa tsamba kapena pa ndandanda, ndipo zikasiyana ndi zimene mwauzidwa, kauzeni akomiti.