Masilaidi a Bwana ndi Nyama ya Alamu Awo

"Zithunzi zanga zapita kuti?"

Mayi Chidindo anafunsa ali choweramira laputopu, chala chikugogoda batani limodzimodzi. Dzinali anamupatsa anthu a kophera ziweto, chifukwa kwa zaka khumi ndi zinayi ntchito yake inali yoyeza nyama, yabwino n'kuidinda, yoipa n'kukaitentha. M'mawa umenewo anayenera kuphunzitsa ogulitsa nyama ya nkhumba makumi atatu mu holo ya ofesi yawo, ndipo anthuwo anali atayamba kale kulowa, akukoka mipando ya pulasitiki.

"Ndazichotsa," anayankha Bwana, mkulu wa ofesiyo, uku akuwongola tayi pagalasi la zenera. "Kukubwera mlendo wochokera kulikulu. Mukufuna munthu wamkulu aziona nyongolotsi pakhoma, kenako tikamuitanire ku nkhomaliro?"

Mayi Chidindo anali atakonza masilaidi asanu ndi atatu okha. Anatha milungu iwiri akuwasula: chithunzi chimodzi pa silaidi iliyonse, mawu ochepa, zilembo zazikulu zoti wokhala kumbuyo awerenge osatsinzina diso. Anayeserera kulankhula pamaso pa mchemwali wake wosoka zovala, munthu wosadziwa kanthu za ziweto, ndipo paliponse pamene mchemwaliyo anakwinya nkhope, iye anasinthapo mawu. Tsopano pa laputopu panali masilaidi makumi asanu ndi limodzi ndi anayi. Yoyamba inali ndi nkhope ya Bwana akumwetulira. Zotsalazo zinali Chingerezi chothithikana ngati nyerere pa shuga.

"Bwana, anthu awa ena sukulu anailekeza panjira. Akufuna kuona ndi maso chimene azikana pogula nkhumba."

"N'chifukwa chake ndilankhule ndine. Inu muzingodina batani ndikagwedeza mutu."

Mayiyo anakhala pansi. Maphunzirowa anawapempha yekha. Mwezi wapitawo chipatala chinalembera ofesi yawo kalata yonena kuti ana atatu a dera limodzi ayamba kugwa khunyu, ndipo madokotala apeza timatuza ta nyongolotsi ya nkhumba mu ubongo mwawo. Mmodzi mwa anawo anakamuona. Anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, mkono uli ndi bandeji chifukwa matendawo anamugwetsera pambaula. Kalata imeneyo pa masilaidi a Bwana panalibe.

Mlendo anafika mochedwa ndi ola lathunthu, ndiye panayamba ndi tiyi ndi tizidutswa ta nyama tokazinga. Kenako Bwana anaimirira, anatsokomola pa maikolofoni, n'kutembenukira kukhoma. Anthu ankangoona msana wawo. Ankawerenga liwu lililonse monga linalembedwera, ndipo akasendera pang'ono kuwala kwa pulojekita kunkagwera pamalaya awo, mawu n'kumayenda paphewa. Dzina lasayansi la nyongolotsiyo analitchula katatu, katatu konse mosiyana. Anasonyeza mzere wokwera ndi kutsika wopanda chizindikiro chilichonse, n'kunena kuti aliyense akudzionera yekha.

Pofika silaidi ya makumi awiri, theka la holo linali litagwetsa mitu. Wina kumbuyo ankasewera pafoni, wina ankatokosa m'mano ndi kachitsotso. Ngakhale mlendo wa kulikulu ankaphethira mochedwa ngati nkhuku yodwala chitopa.

Bambo wina wachikulire anakweza dzanja. Anzake ankamutcha Chimpeni, ndipo anayamba kupha nkhumba ambiri a mu holomo asanabadwe.

"Pepani, Bwana. Kachilombo mukukatchulako, kamakhala m'nkhumba kapena mu Chingerezimo?"

Holo inadzuka ndi phwete.

"Mafunso kumapeto," anatero Bwana, n'kugwedeza mutu.

Mayi Chidindo anadina. Anadinanso. Mumtima munkamunyansa ngati wagwira chinthu chowola ndi dzanja losavala. Anthu awa anatseka malo awo ogulitsira tsiku lonse, ndipo atuluka muno osadziwa ngakhale poyang'ana. Pa silaidi ya makumi anayi mawu a Bwana anasasa, ndipo anamukodola kuti akawatengere madzi.

Khitchini inali kuseri kwa holo, kachipinda kotentha ka zenera limodzi. Wophika anali mlamu wake wa Bwana, mayi wonenepa wansangala amene ankapatsidwa ntchito yophika pa msonkhano uliwonse wa ofesiyo, ndipo masiku ena ankawotcha nyama pafupi ndi siteji ya basi. Pansi panali mabeseni awiri a nyama yaiwisi ya nkhumba. Ntchentche zinauluka Mayi Chidindo atalowa, n'kuteranso.

Maso ake anachita zimene anazolowera. Anafuna chidindo pachikopa, sanachipeze. Anagwada, n'kutembenuza chidutswa cha phewa. Mnofu wonse unali ndi timatuza toyera tonga njere za mpunga, tina titaphulika n'kumatsika timadzi. Sikunali kofufuza ndi mpeni. Tinali mbwee.

"Mayi, nyama iyi mwaitenga kuti?"

"Kwa munthu wathu," wophikayo anayankha akusenda anyezi. "Musadandaule, asisi. Tikaikazinga sizioneka."

"Ija yadyedwa ndi tiyi ndi yomweyi?"

"Ndinaiumika bwinobwino. Moto umapha zonse, si mumatero eni ake?"

"Nanga ija mumawotcha pasiteji, yopsa pamwamba pokha, m'kati muli magazi?"

Wophikayo anaika mpeni pansi. "Inu mwatumidwa madzi. Tengani madzi."

Mayi Chidindo sanatenge madzi. Anatenga thireyi yachitsulo, anaikapo lilime, mtima ndi chidutswa cha phewa, anatolanso mpeni uja, n'kutuluka wophikayo akumuitana pambuyo.

Atalowa mu holo, Bwana anali akudzidinira okha batani. Mayiyo anayenda mpaka kutsogolo, anaika thireyi pathebulo la nsalu yoyera, pafupi ndi maluwa a pulasitiki, n'kuimika faelo patsogolo pa diso la pulojekita. Khoma linada.

"Mayi, mukutani?" Bwana ananong'ona, koma maikolofoni inawaulula.

"Ndibwerekeni mphindi khumi, Bwana." Anatembenukira kwa anthu. "Abambo ndi amayi, siyani mipando. Senderani kuno, aliyense aone ndi maso ake."

Anabwera, poyamba mozengereza, kenako mokankhana. Mayiyo anakweza lilime la nkhumba, analitembenuza, n'kuloza kunsi kwake ndi nsonga ya mpeni.

"Ndikuuzani zinthu zitatu zokha. Choyamba ndi ichi. Musanagule nkhumba yamoyo, igonekeni, ikani mtengo m'kamwa, kokani lilime ndi kansalu. Mukaona timatuza ngati iti, kapena chala chikamva tinthu tolimba, isiyeni. Bambo Chimpeni, gwirani apa."

Mkuluyo anapititsa chala chake chokhakhala kunsi kwa lilime. "Izi timaziona kawirikawiri. Ife timati ndi mafuta oundana."

"Si mafuta. Kathuza kalikonse kali ndi mutu wa nyongolotsi." Anaboola kamodzi, n'kufinyira kadontho koyera pampeni, n'kuyendetsa mpeniwo pamaso pa onse. Mayi wina anatseka pakamwa ndi nsalu. "Chachiwiri. Lilime likhoza kukunamizani, ndiye mukapha chekani malo awa: tsaya, phewa ndi mtima. Onani mmene ndikuchekera. Mozama, osati kukanda."

"Nanga munthu akadya?" anafunsa wina kumbuyo.

"N'chachitatu chimenecho. Akadya yosapsa, kamutu aka kamamera m'matumbo mwake n'kukhala nyongolotsi yaitali kuposa thebulo ili. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Nkhumba yoyendayenda ikadya chimbudzicho, imadzaza timatuza. Koma munthu yemweyo akapanda kusamba m'manja n'kugawira mwana chakudya, mwanayo amameza mazira, ndipo timatuza timakamera mu ubongo. Ndamuona mwana wotero mwezi wathawu. Amagwa n'kumaphupha, ndipo mkono wake unapsa pambaula. Makolo ake amati walodzedwa."

Mnyamata wa foni uja anali ataiika m'thumba.

"Ndani andibwerezere zitatuzo?"

Mayi wa nsalu uja anazibwereza zonse, osaphonya. Kenako mafunso anagwa ngati mvula. Kodi mchere umapha? Nanga kuyanika? Mlimi akakana kubweza nkhumba titani? Anayankha limodzilimodzi, mpeni ukuyenda dzanja ndi dzanja, aliyense akuyesera kucheka. Mphindi khumi zinasanduka makumi anayi.

Mlendo wa kulikulu nayenso anali atasendera, magalasi ali pamphuno.

"Mayi, mwaphunzitsa bwino zedi," anatero. "Koma chitsanzo choipa chonchi mwachipeza kuti?"

Mayi Chidindo anayang'ana Bwana. Bwana ankayang'ana maluwa a pulasitiki.

"Kukhitchini kwathu konkuno. Ndi nkhomaliro yathu."

Mlendoyo anayang'ana kambale kake ka tiyi, pamene panatsala kafupa, n'kukakankhira kutali ndi chala chimodzi. Anatulutsa kampango, anapukuta milomo nthawi yaitali, kenako anafunsa kumene kuli bafa. Ena mwa ogulitsa nyama anatuluka kukalavula panja.

Mayiyo anabwerera kukhitchini ndi Chimpeni kuti akatenge mabeseni aja akatenthedwe. Anapeza chitseko chakumbuyo chili pululu. Anyezi anali pomwepo, mafuta akadali pamoto, koma mabeseni ndi mwini wake kunalibe. Pasimenti panangotsala mizere iwiri yamadzi ofiirira yolowera kunja.

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka," anatero Chimpeni, akupukuta manja pa thalauza. "Mwana wanga, lero waphunzitsa, koma wadziputira."

Mawa lake Bwana anaitanitsa Mayi Chidindo. Pa desiki panali mapepala awiri. Anamukankhira loyamba. Inali kalata yomuchenjeza chifukwa chosokoneza msonkhano, kulowa m'khitchini popanda chilolezo ndi kuchititsa manyazi ofesi pamaso pa mlendo.

"Sainani kuti mwalandira."

Anasaina.

"Tsopano ili." Mawu a Bwana anafewa. "Akulikulu akondwera ndi njira yathu yatsopano yophunzitsira. Akufuna ndikaifotokoze kumsonkhano waukulu mwezi wamawa. Ndiye mundilembere zonse munanena dzulo, muziike pa masilaidi. Makumi atatu akwana. Koma zithunzi zikhale zaulemu."

Mayi Chidindo anawayang'ana. Pa tayi yawo panali kadontho ka mafuta.

"Za alamu anu mwawauza akulikulu?"

"Zimenezo n'zapabanja. Tazikamba kale."

"Nyama ija ili kuti?"

"Ndati tazikamba."

Mayiyo anapinda kalata yake kanayi, n'kuiika m'thumba la yunifolomu. Pepala lachiwirilo sanalikhudze.

"Masilaidi anu alipo kale, Bwana, makumi asanu ndi limodzi ndi anayi. Zimene ndinanena dzulo mukafunse ogulitsa nyama aja, aliyense akuuzani. N'zitatu zokha."

Anatuluka osadikira yankho. M'chipinda chake anavala majombo, anatenga magolovesi ndi buku la mafomu olembapo akalanda nyama yoipa. Pageti anapeza Chimpeni atakhala panjinga yake yamoto, injini ikulira.

"Ndafunsafunsa," anatero mkuluyo. "Wophika uja kusiteji sanapiteko, akudziwa kuti mukayamba kumufuna kumeneko. Akuti wayatsa makala kuseri kwa sukulu ya pulayimale, pamene ana amagulira akaweruka."

"Amaweruka nthawi yanji?"

"Kwatsala ola limodzi."

Mayi Chidindo anakwera kumbuyo, anakhazika buku lija pamiyendo, n'kugwira chitsulo.

"Tiyeni," anatero.