Giya Wani ya Mayi Tahira

Chaka chomwe matipati analowa, galimoto ya a Hashim, eni golosale pa Mponela, inayamba kumwa mafuta ngati chidakwa. Makaniko anasintha mapulagi, anatsuka kabuleta, koma ludzu lake osatha. Basi a Hashim anagamula kuti dalaivala wawo Mikayeli akuba petulo, achoke.

Akazi awo, mayi Tahira, anasiya kuyeza shuga.

"Bambo, musiyeni mwana wa eni. Mafutawo ndikumaliza ndine."

Paja Lachisanu lililonse bambo akalowa mumzikiti, mayi ankatenga makiyi n'kumakazungulira bwalo la mpira pa giya wani yokhayokha, injini ikulira ngati mbuzi yomangidwa. Giya yachiwiri ankaiopa.

"Mkazi pachiwongolero? Anthu ati chiyani?" anakalipa a Hashim.

"Anene! Povota paja chala changa chinada ndi inki ngati chanu chomwecho. Mikayeli sachoka. Akachoka, giya yachiwiri andiphunzitsa ndani? Inuyo?"

A Hashim anatambasula dzanja kuti alande makiyi, koma mayi anali atawamangirira kale kunsonga ya chitenje.

Mikayeli sanachoke. Lachisanu lotsatira mayi analowetsa giya yachiwiri, mbuzi ija inasiya kulira.