Amuna Awiri Okumbatira Mzati wa Getsi

"Musasiye, alamu. Mukangosiya, tonse tathera pomwepa."

Aphunzitsi anali atakumbatira mzati wa getsi la pabwalo, tsaya litagunda chitsulo, uku mlamu wawo akusakaniza guluu pa chivindikiro cha chitini cha penti. Mzatiwo anauthyola okha Aphunzitsiwo m'mawa, pobweza m'mbuyo galimoto yomwe anali atangophunzira kuyendetsa. Unaduka cha m'munsi, n'kutsala ukulendewera pa waya.

Ukanakhala mzati wamba, akanangoti madzi akatayika saoleka. Koma uwu anauimika ndi apongozi awo chaka chomwe anamanga nyumbayo, ndipo ankaupaka penti yobiriwira ngakhale makoma atasuwa. Tsoka lake, madalawo ankatuluka m'chipatala tsiku lomwelo, ndipo dokotala anali atanena kuti mtima wawo sukufuna zodzidzimutsa. Aphunzitsi mantha anawagwira osati masewera.

Wowotcherera anabwera, n'kugogoda chitsulocho, n'kupukusa mutu. Anati chitsulo choumba chotero chimangosweka chikaona moto. Ndiye mlamu anathamanga kukagula epokisi, guluu wa machubu awiri amene amagwira ukawasakaniza. Anazimitsa magetsi, anapala dzimbiri ndi sandipepala, anapaka mbali zonse ziwiri, n'kuimika mzati pamalo pake. Unakhala bwinobwino.

"Amauma liti ameneyu?" anafunsa Aphunzitsi.

"Msangamsanga. Zinthu za masiku ano izi."

Aphunzitsi anapendeka khosi kuwerenga paketi yomwe inali pansi. "Alamu, apa alemba kuti asagwedezeke mpaka mawa."

Palibe amene anali ataganiza zokonzeratu mitengo yochirikizira. Mlamu atayesa kuchotsa dzanja limodzi lokha, mzati unayamba kuwerama. Anaugwiranso msanga, ndipo amuna awiri akuluakulu anatsala ataukumbatira, mphumi zitatsala pang'ono kugundana.

"Mphuno yanga ikuyabwa," anatero mlamu.

"Kandani pachitsulopo."

"Walira mvula walira matope, alamu. Njinga yanu ija inakulakwirani chiyani kuti mufune galimoto?"

Thukuta linali litafika m'makolala pamene takisi inaima pageti. Anayamba kutsika akazi a Aphunzitsi, kenako madala, atawonda, akutsamira ndodo ya kuchipatala. Mayiwo anaona amuna awo, anaona mchimwene wawo, anaona galimoto yophwanyika kumbuyo, n'kugwira pakamwa.

Madala anayandikira pang'onopang'ono. Anazungulira mzatiwo ndi anthu ake omwe, anawerama, n'kukhudza guluu ndi chala. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Bambo, ndi mtima?" anafunsa mwana wawo.

Sunali mtima ayi. Madala ankaseka, chiseko chenicheni chochokera m'mimba, mpaka misozi. Chiyambireni kudwala, palibe amene anali atawamva akuseka.

"Mwana wanga," anatero akupukuta m'maso, "amuna akowa anakukumbatirapo chonchi?"

"Pepani, bambo, ndine ndinagunda," anatero Aphunzitsi, maso ali pansi.

"Ndaona, galimoto yaulula kale. Dzimbiri munapala?"

"Tinapala."

"Ndiye mwagwira ntchito. Koma wapendekera kumanzere. Kankhani. Pang'ono. Basi, pomwepo."

Mawu awo anali atabwerera mwakale, a munthu wozolowera kulamula pantchito. Anatuma mwana wawo kukatenga chingwe ndi matabwa kuseri kwa nyumba. Matabwa anapezeka awiri okha, pamene mzati umafuna kuchirikizidwa mbali zitatu. Madala anayang'ana uku ndi uku, kenako anazika ndodo yawo m'dothi, n'kuuza mlamu kuti aimangirire.

"Nanga inu muyenda bwanji?" anafunsa mayiwo.

"Wothyola alipo. Akumbatira chitsulo tsiku lonse, angalephere nkhalamba?"

Aphunzitsi anachotsa manja mwamantha. Mzati unaima nji. Anapukuta zala pa thalauza, n'kupereka mkono womwe unali utachita dzanzi. Madala anautsamira ndi thupi lonse, ndipo awiriwo analowera kukhomo, nkhalamba ikufotokoza mmene munthu amayang'anira pagalasi akamabweza galimoto.