Kabatani wa Telala

Telala wa pamsewu wopita kumsika sanali munthu woti n'kumudalira. Kusoka ankakudziwa, zimenezo sitingamumane, koma anali wamantha ndi wozengereza, ndipo pa zaka zake zonse sanakwezepo mawu ngakhale kwa munthu womuponda phazi. Ntchito imodzi yokha ndiyo ankaigwira mosaphonya: kusamalira kagalu kamene mkazi wake anamusiyira pomwalira.

Kagaluko, dzina lake Kabatani, kanali ka mtundu wa tiagalu tachizungu wotchedwa teriya, kopepuka moti n'kukanyamula ndi dzanja limodzi, ka ubweya wautali wonga ulusi. M'mawa uliwonse, asanavundukule makina, telala ankakapesa kuyambira kumimba, kumene ubweya umapotana msanga, n'kumanga wa pamphumi kuti usakalase m'maso. Mano ankakatsuka ndi kansalu kokulunga kuchala. Chingwe cha m'khosi anachikana, popeza kholingo la tiagalu totere ndi lofewa. M'malo mwake anakasokera kamalaya ka nsalu ya tenti, kogwira chifuwa ndi msana.

Mlamu wake, mwini butchala ya kutsidya kwa msewu, sankadutsa osamunyogodola.

"Alamu, burashi yanu ya nsapatoyi mwaisambitsa kale? Mawa muiveke ndolo."

Telala ankayankha mofatsa kuti makolo a tiagalu timeneti ankapha makoswe m'mafakitale a nsalu ndi m'migodi, ndipo ngakhale anthu anatichepetsa thupi kuti tizikhala pamiyendo, mtima wa ntchito ija sanauchotse. Mlamuyo ankangoseka, n'kuloza chigalu chake cholondera chimene chinkakhala pa unyolo kuseri kwa butchala.

Lachitatu lina masana unyolowo unaduka. Chigalu chija chinawoloka msewu osauwa, mutu uli pansi. Kabatani anali pakhonde, khomo lili lotsegula kumbuyo kwake, koma sanalowe. Anachithamangira n'kuchiluma mphuno. Chigalu chinamugwira pamsana, chinamunyamula m'mwamba, n'kuyamba kumupukusa uku ndi uku ngati chiguduli. Mano ambiri anathera m'nsalu ya tenti ija, ndipo ndi chifukwa chake msana sunathyoke nthawi yomweyo.

Telala anatuluka ali ndi simbi yotentha m'manja, pakuti ankasita thalauza. Anthu a pamsewu anamukuwira kuti abwerere. Iye anaika simbi pansi, anagwada, n'kulowetsa zala m'kamwa mwa chigalucho, kukanula nsagwada mpaka kagalu kanagwa. Kenako analakwitsa monga amalakwitsira aliyense wokonda chiweto: anakatola n'kukakweza pachifuwa. Chigalu chinalumphira pomwepo. Chinamugwetsa chagada, chinamuluma mkono wamanzere pansi pa chigongono, n'kuyamba kukoka. Mnofu unang'ambika, magazi anamuthira kumaso, koma mkonowo sanauchotse, chifukwa pansi pake ndi pamene panali Kabatani.

Ndi dzanja lamanja anafufuza pansi mpaka anakhudza chogwirira cha simbi. Anaikanikiza pakhutu la chigalucho; ubweya unapsa, fungo linamveka msewu wonse, koma sichinataye. Anamenya pamutu. Anamenyanso, ndi nsonga, pakati pa maso. Ulendo wachitatu fupa linalira, nsagwada zinamasuka, ndipo chigalu chinagwera m'ngalande, miyendo ikuphiriphitha.

Mwini butchala anafika akuthamanga, epuloni ili m'chiuno. Anayang'ana galu wake, kenako mkono wa mlamu wake. Telala anadzuka yekha. Anamanga tepi yoyezera pamwamba pa bala, akukoka mfundo ndi mano, n'kukulunga Kabatani m'thalauza ankasita lija. Mwendo wakumbuyo wa kagaluko unkalendewera, ndipo m'nthiti munali mabowo awiri otuluka thovu lofiira.

Mlamuyo anavomera pamaso pa anthu kuti unyolo unali wadzimbiri ndipo ankadziwa. Anatsegula chitseko cha galimoto yake yonyamulira nyama.

"Kwerani, alamu, ndikuthamangitsireni kuchipatala, mkonowo mungautaye. Kagaluka ndisiyireni. Ntchito imeneyi ndimaidziwa, ndikatsiriza kamodzi, sikamva ululu."

Telala anaika khutu pathalauza lija, n'kumvetsera kanthawi. Chipatala cha anthu chinali kumtunda; dokotala wa ziweto anali kumunsi, kupitirira msika.

"Kakupuma," anatero.

"Ndiye tiyeni kwa dokotala wa ziweto kaye, ndikuperekezani. Simufika wapansi, mukutaya magazi."

"Zikomo, alamu. Katoleni galu wanu m'ngalandemo, ntchentche zayamba."

Anatsika khonde n'kulowera kumunsi, akuyenda pang'onopang'ono kuti kagalu kasagwedezeke.