Khutu la Apongozi

Tiyanjane ankasankha nyemba pakhonde la khitchini, lichero lili pamiyendo. Ankatola kamwala kamodzi, kukatembenuza ndi chala ngati akufuna kukaona nkhope, kenako n'kukagwetsa mumchenga. Dzuwa linali pamutu. Mphepo inali itagona, ndipo maukonde oyanikidwa kuseri kwa mpanda ankaoneka ngati akuyandama okha m'mwamba.

Tsidya lina la bwalo, pansi pa mtengo wa mango, apongozi ake aamuna, a Yesaya, anali atagona chammbali pamphasa. Akazi awo, mayi Eveles, ankawadonthezera mafuta ophikira ofunda m'khutu lamanzere ndi nthenga ya nkhuku.

"Musagwedezeke. Madzi a m'nyanja amatuluka ndi mafuta," anatero mayi Eveles.

"Ati chiyani?"

"Ndati musagwedezeke! Mwagonera khutu labwinolo, mumva bwanji?"

A Pitala, mnzawo wa pa usodzi, anali atakhala pa chidebe chovundikira. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mlamu, onjezerani anyezi ndi tomato. Mutu wa kampango uwu wangotsala kuukazinga."

"Inu a Pitala, pakamwa panu sipauma. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Atuluka madziwa."

Tiyanjane anaweramitsa mutu. Iye yekha pabwalopo, kupatula mwini khutu, ndiye ankadziwa kuti mulibe madzi.

A Yesaya anali siginala, munthu amene amakhala yekha m'bwato la nyali pakati pa nyanja kukopa usipa, ndipo ukasonkhana amagogoda bwato ndi nkhafi kuti maboti azungulize ukonde. Anakhala ndi matenda a shuga zaka zambiri, tiyi wawo wopanda kanthu, koma ntchito sanaisiye. Khutulo linatseka m'mawa wina akutsika m'bwato. Silinawawe. Anangoti mbali imodzi ya dziko yazima, mwatsala kulira kwa nyenje mkati mwa mutu. Pagombe aliyense anati ndi madzi, pakuti palibe msodzi amene sanadumphepo ndi mwendo umodzi kukhutula khutu.

Tsiku lokayezetsa shuga ku boma litafika, mayi Eveles anali ndi usipa wokagulitsa ku Khombedza. Davie, mwamuna wa Tiyanjane, anali ku chilumba cha Mbenji, ndipo foni yake sinkalira. Motero anaperekeza ndi Tiyanjane. M'minibasi apongozi anakhala kutsogolo, iye kumbuyo kwenikweni, monga ulemu umafunira. M'chipinda cha adokotala anaima pafupi ndi chitseko, maso ali pa zala za kumapazi.

Adokotala anaunika m'khutu ndi katochi, kenako analiza kachitsulo n'kukakhazika pamphumi pa a Yesaya.

"Mukukamvera mbali iti?"

"Kumanja."

"Bambo, m'khutumu mulibe madzi, mulibenso litsiro. Chavuta ndi kamtsempha ka mkati kamene kamanyamula mawu. Anthu a shuga zimawachitikira. Mankhwala alipo, koma amathandiza akayambidwa msanga. Milungu iwiri ikadutsa, khutu limatha kugona osadzukanso. Vuto lake, mapiritsiwo amakweza shuga. Ndiye mugone kuno masiku angapo, tiziyeza m'mawa ndi madzulo, akakwera tizimutsitsa ndi jakisoni. Zikakanika tikutumizani ku Lilongwe akakuthireni mankhwala mkati mwenimwenimo."

A Yesaya anayang'ana pazenera. Chipinda chogona odwala aamuna chinkaonekera pamenepo. Mkulu wawo, a Samueli, analowa momwemo ndi shuga akuyenda okha, natuluka atakulungidwa.

"Ndikatenge bulangete kunyumba," anatero a Yesaya.

Atafika kunyumba anakhala pamphasa, navula nsapato. "Ati ndi madzi," anauza akazi awo, osayang'ana kumene kunali Tiyanjane.

Kuyambira tsikulo mawu a adokotala ankayenda naye kulikonse. Akamatunga madzi ankawamva m'chidebe. Akamasesa ankaganiza za kamtsemphako, kakang'ono ngati ulusi wa ukonde, kali m'chipinda chamdima kudikira munthu wotsegula chitseko. Nthawi zina ankatseka khutu lake lamanzere ndi chala n'kuima phee pakati pa bwalo, kuti aone dziko la apongozi. Nkhuku zinkalira, koma osadziwika kuti zili kuti. Zonse zinkakhala ngati zikuchokera pansi pa madzi.

Koma mtengwa satsutsa apongozi. Chibwerereni pamudzipo sanawayankhulepo maso ndi maso. Akakhala ndi mawu ankagwada patali, pafupi ndi mtondo, n'kuuza mayi Eveles, iwo n'kuwapititsa. Nanga mawu akuti bambo ananama angadutse bwanji pakamwa pa akazi awo?

A Yesaya anadzuka pamphasa, mafuta akutsetsereka pakhosi. Anapendeketsa mutu, naugwedeza. Sipanatuluke kanthu.

"Ndiye tinene chiyani kwa anyamata?" anafunsa a Pitala mokweza. "Mwezi sukuwala masiku ano, mdima wabwino uwu. Usipa sudikira khutu la munthu. Mukalephera tikweze mnyamata uja Musa m'bwato la nyali."

"Musa? Amene amagogoda akaona chithunzi chake m'madzi? Ndipita ndekha lero. Siginala amagwira ntchito ndi maso."

"Odi kuno!" Anali mayi wogulitsa nkhuni, ataima pachipata kumanzere kwa a Yesaya.

"Lowani!" anayankha a Yesaya mwansangala, atatembenukira kumanja, kukhola la mbuzi.

A Pitala anamenya ntchafu. "Achimwene, mbuzi zayamba liti kuodira?" Anaseka, koma kusekako kunafupika. Anayang'ana mayi Eveles, mayi Eveles anayang'ana nthenga inali m'manja mwawo, kenako anapita kukamuuza wa nkhuni kuti abwere mawa.

Nyemba zinaleka kuoneka m'maso mwa Tiyanjane. Anaona bwato laling'ono pamadzi akuda, nyali zikuyaka, munthu mmodzi ali pakati. Anamva injini ya boti ikubwera mumdima, anyamata akukuwa kuti patukani. Anaona munthuyo akutchera khutu limodzi, akumiza nkhafi mwamphamvu, akupalasira komwe kukuchokera botilo. Panalibe phokoso m'masomphenyamo. Nyali zinangopendekeka pang'onopang'ono, imodzi ndi imodzi, madzi n'kuzilandira.

Anaika lichero pansi. Anayenda mpaka pamtondo, nagwada pamalo pake pa masiku onse.

"Amayi," anatero chapansipansi, mayi Eveles atabwerera, "ndili ndi mawu kwa bambo."

"Nena, mwananga, ndiwauza."

"Awa ndi oti amve okha."

Mayi Eveles anakweza nsidze. Tiyanjane anayamba kuyankhula, maso ali pansi, koma mawu ake anathera mumchenga.

"Akuti chiyani mwanayu?" anafunsa a Yesaya, dzanja lili kukhutu.

Pamenepo Tiyanjane anadziwa kuti ulemu wa patali sungafike. Anaimirira. Anadutsa mtondo, anadutsa malire a mthunzi wa mango amene sanawapondepo apongozi ali pansi pake, anazungulira mphasa nagwada kumanja kwawo, pafupi moti anamva fungo la mafuta aja.

"Tiyanjane! Wasokonezeka?" anatero mayi Eveles.

"Msiyeni, mlamu," anatero a Pitala, ulendo uno osaseka. "Wakutsina khutu ndi mnansi."

A Yesaya anaumitsa khosi, akuyang'ana kutsogolo. Mawu a Tiyanjane anatuluka okwera kuposa mmene anawamverapo chibadwire.

"Bambo, ine ndinali pachitseko paja. Adokotala sanati ndi madzi. Anati ndi mtsempha, ndipo mankhwala ake ali ndi masiku. Masikuwo akutha tikuthira mafuta. Munawauza kuti mukukatenga bulangete, ndipo mpaka lero akudikira."

"N'zoona zimenezi, bambo a Davie?" anafunsa mayi Eveles. Chala cha a Yesaya chinkakanda m'mphepete mwa mphasa.

"Ndikudziwa chimene munaona pazenera," anapitiriza Tiyanjane. "Koma bambo aakulu, a Samueli, anapita mochedwa, bala litafika kale pafupa. Inu mulibe bala, ndipo shuga akakwera mukhala pamaso pa anthu odziwa kumutsitsa. Panyanja palibe amene adzakuyezeni. Lero mwalonjera mbuzi, anthu aseka. Mumdima mukatembenukira kolakwika, ine ndidzamuuza chiyani Davie? Kuti ndinamva zonse, koma ndinali ndi ulemu?"

Mbuzi inalira m'khola. A Yesaya anayamba kutembenuka kuifunafuna, kenako analeka, nayang'ana manja awo.

"Mwana iwe," anatero potsiriza, "unaphunzira kuti kukalipira apongozi?"

"Sindinaphunzire, bambo, n'chifukwa chake ndikunjenjemera. Minibasi za ku boma zikadalipo pamsewu. Bulangete ndinachapa tsiku lomwe lija, lili m'thumba. Ndalakwa kufika pamphasa panu, ndikudziwa, ndipo mlanduwo ndidzaupepesa pamaso pa amayi ndi a Pitala. Koma osati lero. Ndikufuna mudzamve kupepesako ndi makutu onse awiri."