Tsiku Limene Abweranso Sanabwere

Anamwino a pachipatala ndiwo anamupatsa dzina loti Abweranso. Akangomuona akulowa pageti, dzanja lili pamimba, ankakodolana n'kunong'onezana kuti, "Aja abweranso." Dzinalo linakanirira mpaka mwini wake anayamba kuvomera akaitanidwa. Iye anali telala wa kashopu kakang'ono kuseri kwa msika, ndipo anali atapita padera kawiri. Mimba yachitatuyi ankayenda nayo ngati munthu wosenza chidebe chodzaza madzi. Msana ukangotsina pang'ono, ulendo wa kuchipatala. Mwana akakhala ola limodzi osatakataka, ulendo wa kuchipatala.

Mwamuna wake, dalaivala wa lole, ndi amene anakapeza Mperekezi. Mayi ameneyu sanali mzamba kapena namwino, ndipo ankaneneratu zimenezo tsiku loyamba. Jakisoni sankabaya, mankhwala sankapereka. Ntchito yake inali kuyenda ndi mayi woyembekezera mpaka tsiku lochira: kumvetsera madandaulo, kusisita msana, kuphunzitsa kapumidwe, kulongedza chikwama, ndi kuuza bambo poima kuti asamangopiringizika m'miyendo mwa anthu. Anali atagwira ntchitoyi zaka khumi ndi zinayi. Tinene zoona, ankaidziwa, ndipo vuto lake linali loti ankadziwa kuti amaidziwa.

"Tithandizeni amayi," anatero dalaivala. "Mkazi wangayu watha ndi mantha. Kudya sakudya, kusoka sakusoka. Ine ndikakhala pamsewu foni imangolira, tsiku lina ndidzagwetsa lole."

Choncho Lachiwiri lililonse m'mawa Mperekezi ankafika kushopu kuja, n'kusuntha mulu wa zidutswa za nsalu pabenchi, n'kukhala. Tsiku loyamba ananena zambiri: za nsapato zopanda chidendene, za pilo wapakati pa miyendo, za masiku a sikelo. Pakati pa zimenezo ananenanso kuti mwana akasiya kutakataka monga amachitira masiku onse, asadikire, athamangire kuchipatala. Ananena ndithu, sitingamunamizire. Koma ananena kamodzi.

Zimene ankanena sabata iliyonse zinali zina.

"Kokani mpweya, mng'ono wanga, ine ndiwerenga mpaka zinayi. Tsopano tulutsani pang'onopang'ono, ngati mukuuzira tiyi wotentha. Mantha ndi amene akukudyani, mwanayu alibe vuto."

Abweranso anasiya kuthamangira kuchipatala n'kuyamba kuimbira Mperekezi. Ankaimba mawu akunjenjemera, kuti mwana wakhala chete. Yankho linali lomwelomwelo: imwani madzi ozizira, gonani chammbali, pumani. Sipankatha theka la ola, mwana ankaponda.

"Mwaona?" Mperekezi ankaseka pafoni. "Ndi waulesi ngati bambo ake basi."

Zinachitika choncho kakhumi ndi kamodzi, ndipo nthawi zonse Mperekezi ankakhala wolondola. Kenako foni inayamba kulira patalipatali. Lachiwiri lina Mperekezi anaomba m'manja pakhomo pa shopu n'kunena kuti, "Sabata yathunthu osandiimbira! Tsopano mwakula." Abweranso anamwetulira mpaka kubisa nkhope m'nsalu imene ankasoka. Ngakhale anamwino anadabwa. Wamkulu wawo, yemwe anayambitsa dzina lija, anafunsa Mperekezi pakhonde kuti, "Kodi munthu wathu uja mwamudyetsa chiyani?" Mperekezi anabwerera kunyumba tsiku limenelo akuyenda monyada.

Mimba itakwana miyezi isanu ndi itatu ndi theka, Lachiwiri lina Mperekezi anamupeza Abweranso ali pamakina, akupinda kadiresi koyera kokhala ndi timaluwa tachikasu. Nkhope yake inali yodekha bwino.

"Mlendo wathu ali bwanji lero?"

"Wagona, amayi. Kuyambira Lamlungu masana."

"Lamlungu?"

"Eya. Foni ndinaigwira kangapo, sindinama. Koma ndinati ayi, amayi aja anandiphunzitsa, ndisawavutitse. Ndinamwa madzi, ndinagona chammbali, ndinapuma. Sindinaope ngakhale pang'ono."

Ananena akumwetulira ngati mwana wasukulu amene wabwera ndi mayeso okhoza. Mperekezi anatenga chikwama chimene analongedza limodzi sabata yathayo, anaponyamo kadiresi kaja, n'kutuluka kukaimitsa takisi.

M'chipinda chounikira, dokotala anayendetsa kachipangizo pamimba nthawi yaitali. Anathiranso mafuta ena n'kuyendetsanso. Kenako anazimitsa makina n'kukoka mpando kuti akhale pafupi, ndipo Mperekezi, yemwe anali ataonapo madokotala akukoka mpando chotero, anadziwiratu. Mtima wa mwana unali utasiya kugunda.

Namwino wamkulu uja ndi amene analephera kuugwira mtima. "Koma mayi, bwanji simunabwere Lamlungu? Inu amene munkabwera ngakhale ndi chimfine?"

Abweranso anatembenuka n'kuyang'ana Mperekezi, osati mokwiya ayi, koma ngati akudikira kuti aphunzitsi ake amufotokozere namwinoyo. Mperekezi anayang'ana pansi. Dokotala ananena kuti palibe amene angatsimikize kuti kubwera msanga kukanapulumutsa mwanayo. Mawu amenewo Mperekezi anawagwira ndi manja awiri, koma sanamuthandize kanthu.

Mwana wakufa naye amafunika kubadwa. Izi anthu ambiri saziganizira mpaka zitawagwera. Anamugoneka Abweranso kuti m'mawa mwake amupatse mankhwala oyambitsa matenda. Dalaivala anali kutali ndi katundu, ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo pafoni ankangobwereza kuti, "Musamusiye yekha amayi, chonde musamusiye."

M'mawa mwake Mperekezi anaima pageti la chipatala nthawi yaitali. Ankachita manyazi, ndipo ankaopa. Anaganiza zotumiza mnzake wa ntchito yomweyo n'kunamizira kudwala. Anaganizanso kuti akalowa, ayenera kunena zoona: kuti mantha aja sanali matenda, kuti anali mlonda wa mwanayo, ndipo iye ndi amene anamuchotsa ntchito mlondayo, Lachiwiri ndi Lachiwiri, akuseka. Analowa atatsimikiza kuti anena.

Koma sanapeze mpata. Matenda anayamba cha m'ma naini, ndipo manja ake anayamba okha ntchito imene ankaidziwa. Ananyowetsa kansalu n'kupukuta pamphumi. Anakanikiza m'chiuno ndi zikhato ululu ukabwera. Anamuyendetsa kuchoka pabedi kufika pazenera n'kubwerera. Kuseri kwa khoma kunalira khanda la munthu wina, ndipo Mperekezi anatseka chitseko, koma khoma lake linali lopyapyala.

Ululu utafika pachimake, Abweranso anamugwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Werengani, amayi. Ndiwerengereni."

Mperekezi anadziwa kuti kuwerenga kumeneku ndi kumene kunamukhazika munthu pamakina masiku awiri mwana ali chete. Koma panalibe china choti amupatse.

"Chimodzi," anatero. "Ziwiri. Zitatu. Zinayi. Tulutsani pang'onopang'ono."

Ndipo Abweranso anapuma bwino kwambiri, kuposa mayi aliyense amene Mperekezi anaphunzitsapo.

Mwana anabadwa dzuwa litapendeka. Anali wamkazi, watsitsi lambiri, ndipo m'chipindamo munangomveka kulira kwa zitsulo za mzamba m'mbale. Mperekezi anafunsa Abweranso ngati akufuna kumuona, iye anagwedeza mutu kuvomera. Mperekezi anamupukuta mwanayo, anamuveka kadiresi kaja, komwe mpendero wake unali usanathe mbali imodzi, n'kumuika pachifuwa pa mayi ake. Abweranso anawerenga tizala tonse, kenako anayamba kukonza mpendero uja ndi chala, kuupinda kuti ulingane.

Mzamba atatuluka, Mperekezi anakhala m'mphepete mwa bedi. Mpata uja unali utapezeka.

"Mng'ono wanga, za Lamlungu lija..."

"Inenso ndimafuna ndikufunseni zomwezo," anatero Abweranso, mawu atasasa. "Mundiuze zoona, amayi, musandinyengerere. Ndinalakwitsa penapake? Mwina ndinagonera mbali yolakwika. Mwina madzi aja sanazizire bwino, magetsi anali atazima. Kapena ndinapuma mofulumira? Bambo ake akafika andifunsa, ndiye ndidziwe."

Mperekezi anamuyang'ana. Mawu onse amene anakonza pageti anali pakhosi, koma anaona kuti akawatulutsa, adzipeputsa yekha n'kumusenzetsa mayiyu masiku awiri aja moyo wake wonse. Anatsala ndi chinthu chimodzi chokha choona chimene akanatha kunena.

"Simunalakwitse paliponse," anatero. "Munachita zonse ndendende monga ndinakuphunzitsirani."

Abweranso anatulutsa mpweya pang'onopang'ono, ngati akuuzira tiyi, n'kutseka maso. Dzanja limodzi linali pamwana, linalo linafufuza pabedi mpaka linapeza la Mperekezi.

"Zikomo amayi," anatero. "Pakanapanda inu, sindikudziwa kuti zikanatha bwanji."